Galimoto Yobwera Lolemba

Eleanor anabadwa ndi dzanja logwira. Ali kamtsikana kwa Nsipe, ku Ntcheu, ukangomupatsa chinthu n'kumuuza kuti ichi n'chako, nkhani inkathera pomwepo. Sanali womana ayi, asamunamizire. Mbatata ankagawa, nkhuni ankasenzera anzake. Koma chimene wachitcha chake, kaya ndi kambale kobooka, kaya ndi mwanapiye wothyoka mwendo, ukachikhudza osapempha unkamva mawu ake uli kutsidya kwa dambo. Akazi a mtundu umenewo onse ali choncho, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene analandidwa banja ali maso.

Sukulu analekeza Fomu 2, osati chifukwa cha mutu, mutu anali nawo wabwino. Agogo ake, amene anamulera, anamupatsa makina osokera, akuda aja opalasa ndi phazi, achitsulo chenicheni, oti amuna awiri akanyamula amapumira panjira. Anakhala nawo pakhonde la sitolo pa boma la Ntcheu, ndipo ndi pomwepo pamene Chikosa, mnyamata wa ku Balaka wokonza magalimoto, anabwera kudzasoketsa ovolosi. Ovolosi imeneyo inang'ambika kawirikawiri modabwitsa mpaka chinkhoswe chinachitika.

Atabadwa mwana wawo Shalom, Chikosa anatsogola ku Joni. Anthu anayamba kumuyang'ana Eleanor ndi maso achisoni aja amene amayang'anira mkazi wa mtchona. Iye sanadikire kuti chisonicho chikule. Anasiya Shalom m'manja mwa agogo, anamasula makina ake, mutu anaukulunga m'bulangete, miyendo anaimanga ndi malegeni, nakwera basi. Pa Mwanza anamuuza kuti chitsulocho achisiye. Pa Beitbridge anamuuzanso chimodzimodzi. Makina anafika ku Mayfair, dera la mu Joni, osasowa ngakhale kasikuluwu kamodzi.

Ankakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya a Cassim, Myao wa ku Mangochi amene anakhalitsa ku Joni. Pabwalo la nyumbayo, pansi pa malata, ndi pamene panali galaja ya Chikosa. Pageti pankakhala a Mwanahalima, akazi a a Cassim, mayi wathupi lake, akukazinga samusa, ndipo palibe ntchentche inkalowa pabwalopo iwo osaiona. Eleanor ankasoka makatani ndi mayunifolomu a amayi a kutchalitchi, koma Lolemba lililonse ankalawirira ku Midrand kukachapa ndi kusita kwa mzungu wina, n'kubwera dzuwa litapendeka.

Chikosa tisamunyoze, manja ake ndi abwino, makamaka pa zamawaya. Anagula kamakina koyezera matenda a galimoto, kokhala ngati foni yaikulu, kolumikiza pansi pa chiwongolero, ndipo anthu ankachokera kutali kumulondola. Vuto lake ndi mano. Amaseka ndi aliyense, ndipo mwamuna woseka ndi aliyense amafuna mkazi wa maso.

Tsiku lina Lolemba, Eleanor akulowa pageti miyendo italema, a Mwanahalima anamuitana osatukula maso pachiwaya.

"Mwabwera, mai a Shalom? Mwasemphana ndi alendo anu."

"Alendo ati, amayi?"

"A galimoto yofiira aja. Ine sindinanene kanthu, ine ndimakazinga samusa basi. Koma azungulira lero! Poyamba ndinati akukagula sipeya. Atadutsanso ndinati mwina aiwala chikwama. Atadutsanso ndinangosiya kuganiza."

"Amayendetsa ndani?"

"Mkaziyo. Bambo a Shalom ali pambali pakepo, mutu uli pansi ngati mkwati wamanyazi."

Mwini galimoto yofiirayo anali Millicent, namwino pachipatala china ku Midrand, wa ku Blantyre, wosakwatiwa. Eleanor anali atamuonapo kamodzi: wamtali, zikhadabo zopaka, Chichewa chake chodzaza Chizungu. Sabata yathayo anabweranso Lolemba. Sabata inayo chimodzimodzi. Eleanor anaima pageti n'kuyamba kulumikiza. Galimoto yanji yodwala tsiku limene mkazi wa makaniko palibe?

Anamupeza Chikosa akusamba m'manja pampopi.

"Bambo a Shalom, galimoto yofiira ija ikudwala chiyani chosachira?"

"Thirakishoni."

"Ndiyankheni m'Chichewa, sindine kasitomala wanu."

Chikosa anapukuta manja modekha, chifukwa mawu amenewo ankawadziwa.

"Tamverani. Tayala lililonse lili ndi kachipangizo kowerenga liwiro lake, timati sensa. Tonse tinayi timauza kompyuta ya m'galimoto mmene matayala akuyendera. Limodzi likayamba kuthamanga kuposa anzake, ngati pamatope kapena pamvula, kompyuta imadziwa kuti laterereka. Imachepetsa mphamvu ya injini n'kuligwira ndi buleki kuti galimoto isagwere kumbali. Thirakishoni ndi imeneyo. Tsono ya a Millicent, sensa ya kumbuyo kumanzere imangokhala chete mwadzidzidzi. Kompyuta imasokonezeka, galimoto imafooka pakati pa msewu, nyali yachikasu n'kuyaka padashibodi. Akazimitsa injini n'kulizanso, nyali yazima. Ndasintha sensa, yabwerera. Ndasintha bering'i ya tayalalo, yabwerera. Kuti ndiligwire vutoli galimoto iyenera kuyenda, ine maso ali pamakina. Ndiye ndiyendetse ndi chiyani, makutu?"

"Nyaliyo inu munaionapo?"

"Ndinaiona pachithunzi chimene ananditumizira."

"Pachithunzi. Nanga malaya oyera mwavalawa, nawonso ndi a sensa?"

Chikosa anadziyang'ana pachifuwa ngati malayawo wamuveka ndi munthu wina.

"Kasitomala amafuna ulemu, mai a Shalom."

"Asomali amabwera ndi mabaki onyamula katundu aja si makasitomala? Mumawalandira ndi ovolosi yong'ambika kumbuyo, ndipo ndimasoka ndine."

Mwamunayo anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunaononga. Akanakwiya bwenzi zili bwino.

Sabata yonseyo Eleanor anasoka mizere yokhota n'kumasula. Foni ya mwamuna wake ikalira, phazi lake linkaima lokha pamakina. Lamulungu madzulo inalira, ndipo anaona ndi maso ake: chithunzi cha nyali yachikasu, yojambulidwa kagalimoto kokhala ndi timizere tokhotakhota kunsi kwake, ndi mawu akuti, "Yayakanso, ndibwera mawa." Chithunzi munthu atha kuchitenga paliponse. Eleanor anaimbira mzungu wake wa ku Midrand kuti mawa sabwera, mutu wamugwira.

M'mawa mwake galimoto yofiira inalowa pageti, ndipo Millicent anatsika akumwetulira. Anapeza Eleanor atakhala pampando pakati pa bwalo, atavala diresi la kutchalitchi.

"Hayi sisi! Muli bwanji? Ndinu madamu a a Chikosa eti?"

"Ndine amene. Lero makina ndigwira ine. Bambo a Shalom ayendetsa. Inu mukhala kumbuyo, mupumeko, mwayendetsa kokwanira."

Chikosa anayang'ana nkhope ya mkazi wake n'kumupatsa makinawo. Anamuonetsa pamakinapo manambala anayi, awiri pamwamba, awiri pansi.

"Awa ndi matayala. Tikamayenda onse azifanana. Ili la pansi kumanzere likasiyana ndi anzake, kapena likagwa paziro, mundiuze."

Anayenda. Anadutsa masitolo a Asomali, analowa Fordsburg, anakwera ku Brixton, anakhota kumanja, anakhota kumanzere, anakwera mahampu, analowa mumsewu waukulu n'kuthamanga. Eleanor sanaphethire. Manambala anayi aja ankakwera pamodzi n'kutsika pamodzi ngati ana a sukulu paperete. Padashibodi panalibe nyali, ngakhale ya mtundu wanji.

"Eish, koma dzulo inayaka, ndikulumbira," anatero Millicent kumbuyoko. "Inatsala pang'ono kundigundanitsa ndi thiraki."

"Dzulo munali kuti?"

"Ndimachokera kutchalitchi ku Tembisa."

"Ndiye mukaipempherere komweko. Kuno yachira."

Millicent anaseka kwambiri, natambasula dzanja la zikhadabo zofiira lija n'kumenya Chikosa paphewa.

"A Chikosa, madamu anu ndi moto! Yoo!"

Eleanor anayang'ana phewa limenelo, pamene dzanja linakhudza, ndipo analiyang'anabe mpaka analowa pageti.

Tsiku limenelo Millicent anaisiya galimoto. Anati watopa nayo, aziyenda ndi mnzake wa kuntchito, ndipo asamubwezere mpaka itachira. Ndiye inakhala pabwalopo, moyang'anizana ndi zenera limene Eleanor ankasokera, yofiira ngati bala. Mwini wake kunalibe, koma fungo la mafuta ake onunkhira linkatuluka chitseko chikatsegulidwa. Chikosa ankaikweza pajeke m'mawa, kuchotsa tayala, kusisita mawaya ndi zala, kuyeza, kubwezera, kuyenda nayo yekha, kubwera atakwinya nkhope. Chakudya chinkazizira patebulo. Lamba wa makina a Eleanor, amene anamulonjeza kalekale kuti amulumikizira bwino, anali womangabe ndi ulusi. Eleanor anafika poichitira nsanje galimoto yeniyeniyo, chitsulo chopanda moyo, chifukwa iye sanagwidwepo mosamala choncho chifikire ku Joni.

Lachisanu masana anatuluka kukayanika nsalu, nasuzumira pazenera la galimotoyo. Pampando wa dalaivala panayalidwa chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, kuti ovolosi isadetse mpando wa Millicent. Pakati pake panali kale banga lakuda la girisi.

Chinali chitenje chimene anaberekera Shalom. Anatuluka nacho kuchipatala mwanayo ali wofiira, ndipo ndi chokhacho chimene anabwera nacho ku Joni chonunkhira mwana wake. Chinkakhala pansi penipeni m'sutikesi.

Sanakuwe. A Mwanahalima amanena mpaka lero kuti akanakuwa iwo sakanaopa. Anatsegula chitseko, anachotsa chitenjecho, anachipinda bwinobwino, napita pamene Chikosa anagona kunsi kwa galimoto, miyendo yokha ikuoneka.

"Bambo a Shalom, mawa ndikupita kumudzi."

Miyendo ija inatuluka msanga.

"Kwagwanji? Agogo adwala?"

Anamuonetsa chitenjecho.

"Aa, ndinangotenga nsalu imene inali pafupi, sindinayang'ane."

"Pansi pa sutikesi ndi pafupi? Munadutsa nsalu zingati kuti muipeze yofewa yoyenera mpando wa mkazi wanuyo? Khalani nayeni, ndi galimoto yake, ndi nyali yake yosaoneka. Ine ndili ndi mwana, ndili ndi makina, ndili ndi kwathu."

Chikosa anayesa kufotokoza, kenako anapepesa, kenako mtima wachimuna uja unamukwera.

"Ngati mwatsimikiza, sindikugwirani mwendo. Palibe chimene ndachita ndi munthu ameneyo."

Tsono ku Joni kuli khalidwe lake. Munthu akangomveka kuti akupita kumudzi, safunsidwa chifukwa. Kaya ukupita kumaliro, kaya banja latha, anthu amangomva kuti kwapezeka wonyamula katundu. Pofika Loweruka m'mawa, pakhomo pa Eleanor panali ngati pamsika. Uyu wabwera ndi chigubu cha mafuta ophikira cha amayi ake ku Balaka. Uyu mabulangete. Uyu thumba la shuga ndi sopo, akuti mukangosiya pa Zalewa, mlongo wanga akadikira. Mnyamata wina wa ku Machinga anabwera ndi batire ya galimoto ndi sola. Aliyense ankati, "Kanthu kochepa, sisi," n'kuthawa asanakanidwe. Eleanor anali ndi maso otupa, koma Mmalawi sakana katundu wa mnzake. Analemba maina pamatumba ndi choko cha telala.

Kumwamba kunada. A Cassim anayang'ana mulu wa katunduyo, makina omasula ali pamwamba, napukusa mutu.

"Mwana wanga, palibe wa takisi angalole izi. Ndipo mvula iyo."

Chikosa anatuluka m'chipinda atavala ovolosi yong'ambika ija.

"Simuyenda ndi makina pamutu mu Joni muno. Ndikuperekezani kudepoti."

Pabwalo ponse galimoto yoyenda inali imodzi, yofiira ija. Eleanor anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Chabwino. Indichotse yomweyo, ndi ntchito imene inabwerera."

Anapakira. Mutu wa makina, batire ndi zigubu zinalowa m'buti. Miyendo yachitsulo, matumba ndi mapoto anadzaza mpando wa kumbuyo mpaka kudenga, kungotsala kampata kumanzere. Mmenemo analowamo a Mwanahalima, atasiya chiwaya, akuti mwana wa eni sangapite wopanda womuperekeza, ngakhale aliyense ankadziwa kuti sakufuna kumva nkhaniyi kwa anthu ena. Atakhala pansi, galimoto inalira n'kutsika kumbuyo mpaka matayala anabisala.

Eleanor anakhala kutsogolo. Kamakina koyezera kaja kanali pampando, kali kolumikizabe, ndipo posowa pokaika anakaika pamiyendo. Anayang'ana kunja. Mvula inayamba, yamadontho akuluakulu ija ya ku Joni, ndipo msewu unachita kunyezimira.

Anadutsa masitolo a Asomali. Polowa Fordsburg pali hampu, ndipo patsogolo pake msewu umakhota. Galimoto inakwera hampuyo, kumbuyo kunagunda pansi kuti gu, Chikosa anakhota n'kuponda moto. Pomwepo galimoto inafooka ngati wina waigwira kumbuyo, kunsi kunamveka kunjenjemera, minibasi ya m'mbuyo inaliza hutala, ndipo padashibodi panayaka nyali yachikasu, kagalimoto kokhala ndi timizere tokhotakhota kunsi kwake.

Maso a Eleanor anagwera okha pamiyendo pake. Manambala atatu ankayenda. La pansi kumanzere linali paziro.

"Lafa! Bambo a Shalom, la kumbuyo kumanzere lafa! Ilo labwerera, lafanso!"

Anakuwa asanakumbukire kuti munthuyu sakulankhula naye.

Chikosa anailowetsa pamalo omwetsera mafuta, pansi pa denga, natsika injini ikulira. A Mwanahalima anatsegula chitseko kuti nawonso atsike.

"Amayi musatsike! Chonde khalani momwemo, musasunthe!"

"Iii, ndalakwanji ine?"

"Simunalakwe, ndinu dokotala lero. Khalani."

Sanatenge jeke. Anagona chagada pasimenti yonyowa, nalowetsa mutu ndi dzanja kuseri kwa tayala, tochi ya foni ili kukamwa. Eleanor anatsika, makina ali m'manja, naima pambali pa miyendo yake. Anamva mwamunayo akutukwana pang'onopang'ono, kenako akuseka.

"Mai a Shalom, tagwadani muone."

Anagwada ndi diresi lake la paulendo. Chikosa anaunika. Pakati pa sipuling'i panali zidutswa zakuda za mphira, zodula kutayala lakale, zokhomeramo.

"Mukuziona izi? Anthu akwathu akamapita kumudzi pa Khirisimasi amaikitsa zimenezi kuti galimoto isakhale pansi ndi katundu. Pafupifupi galimoto iliyonse ya Mmalawi imene ndimagwira ili nazo, ndiye maso anga amangodutsa ngati ndi za kufakitale. Amene anaika izi anachotsa waya wa sensa pakachingwe kake kuti manja alowe, osaubwezera. Taonani pamene uli tsopano."

Waya uja unali utapanikizika pakati pa mphira ndi chitsulo, khungu lake litasupuka mbali ya m'kati, timawaya tamkuwa tikuoneka.

"Ndikaikweza pajeke, tayala limalendewera, waya umakhala patali, wooneka bwinobwino. Tikakwera awiri kapena atatu, sufikapo. Umafuna galimoto italemedwa chonchi."

Eleanor anaimirira, napukuta mawondo. Anatenga foni ya mwamuna wake m'dzanja lake osapempha, nafufuza dzina lija. Anaimba yekha.

"A Chikosa, shapu?" anayankha Millicent.

"Ndi akazi awo. Ndifunse, Lamulungu pochokera kutchalitchi mumakhala ndi ndani m'galimoto?"

"Oo, sisi. Ndimanyamula azimayi a kwaya, anayi kumbuyo, wina kutsogolo, ndi mapoto a chakudya m'buti. Bwanji?"

"Ndi ochepa thupi azimayiwo?"

"Hayibo! Ndi azimayi enieni."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Palibe anandifunsa, sisi. Zikukhudzana ndi nyali?"

"Mudzamva mukadzabwera kudzaitenga. Mudzabwere Loweruka la sabata yamawa. Lolemba galaja imakhala yotseka kwa inu."

Anadula. A Mwanahalima anali atatulutsa mutu pazenera kuti asaphonye liwu ndi limodzi.

Chikosa anatuluka kunsi kuja msana wonse uli madzi, tsitsi lili mchenga. Sanaseke tsopano. Analandira foni yake kwa Eleanor n'kuyang'ana nthawi.

"Ndikaukulunga ndi tepi n'kuumangira pambali, tifika basi isananyamuke. Zili kwa inu."

Eleanor anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nyali ndaiona ndi maso anga, imeneyo ndavomera. Koma malaya oyera aja sindinaone waya wake."

Mwamunayo anakanda kumutu. Anayang'ana wothira mafuta, anayang'ana mvula, koma kunalibe womuthandiza.

"Munthu wa kuchipatala, wozolowera magalaja a matailosi a ku Midrand. Ndinkafuna andione ngati makaniko weniweni, osati wa kuseri kwa nyumba ya eni. Anzake onse ali ndi magalimoto. Ndipo ndinkamva bwino akamandiyamikira. Pamenepo sindinama. Koma zinathera pomwepo."

"Ine sindikuyamikirani?"

"Mumandiyamikira kwa anthu. Ine ndimamva kwa a Mwanahalima."

"Zoona zimenezo," anatero a Mwanahalima pazenera.

"Amayi, inu mwauzidwa kuti musasunthe," anatero Eleanor. Anatembenukiranso kwa mwamuna wake. "Nanga chitenje cha mwana wanga?"

Apa Chikosa sanayese kufotokoza. Anagwira manja onse awiri kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Pamenepo ndinalakwa, mai a Shalom. Ndichapa ndekha."

"Simuchikhudzanso. Mangani waya wanuyo, tizipita kudepoti."

Nkhope ya Chikosa inagwa, koma anatenga tepi n'kugonanso pansi. Anayenda ulendo wotsalawo nyali itazima, manambala anayi akuyendera pamodzi, mwamuna akuyendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula maliro. Kudepoti kunali phokoso la masiku onse, zikwama zamizeremizere zili mulu, makondakitala akukuwa maina a kwathu. Chikosa anatsitsa zigubu, mabulangete, shuga, batire ndi sola. Atagwira mutu wa makina, Eleanor anamumenya padzanja.

"Amenewo akupita kuti?"

"Si mwati..."

"Ndati tizipita kudepoti. Katundu wa anthu akhale chifukwa cha inu? Amayi a ku Balaka aja adye ndiwo zopanda mafuta chifukwa mwamuna wanga amakonda kuyamikiridwa?"

Anapeza mayi wina wa kutchalitchi kwawo amene ankapita ku Zomba, namutula matumba onse mmodzimmodzi ndi maina ake. Makina, mapoto ndi sutikesi zinabwerera ku Mayfair. A Mwanahalima anadandaula njira yonse kuti mafuta awo azizira pachabe, koma ankamwetulira, chifukwa nkhani anali nayo yokwana mwezi.

Madzulo ake Chikosa anadula mbali yosupuka ya waya, analumikiza wina ndi mtovu, anauveka kapaipi kamphira, naubwezera pakachingwe kake. Zidutswa za tayala zija anazigwetsa ndi hamala n'kuzitaya. Poiyesa anakweza a Mwanahalima, a Cassim ndi anansi awiri kumbuyo, mutu wa makina m'buti, Eleanor kutsogolo ndi manambala ake. Anakwera hampu ija mobwerezabwereza mpaka a Cassim anapempha chifundo. Nyali sinayake.

Millicent anabwera Loweruka monga anauzidwira. Makiyi anamupatsa ndi Eleanor, namuuza kuti azimayi a kwaya azisinthana, ena azikwera takisi, galimoto si ngolo. Millicent anathokoza, anafuna kuseka, koma manja anawasunga pachikwama chake.

Kuyambira pamenepo, galimoto ikafuna kuyesedwa pamsewu, makina amagwira ndi Eleanor. Kwa mzungu wa ku Midrand anasintha tsiku, amapita Lachitatu, ndipo Lachitatu Chikosa amagwira za pajeke zokha. Pano akuphunzira kuyendetsa, ndipo makasitomala ena amafunsa za iye asanafunse za mwini galaja. Lamba wa makina unalumikizidwa. Chitenje chobiriwira chija banga lake silinachoke lonse, ndipo chinabwerera pansi pa sutikesi.

Malaya oyera aja Chikosa anawafuna tsiku lina osawapeza. Anawaona pa Khirisimasi, pachithunzi chochokera kwa Nsipe: Shalom ataima pakhomo pa agogo ake, atavala bulauzi yoyera ya kolala yozungulira, yosokedwa bwino, mabatani ake omwe aja. Anayang'ana chithunzicho, anayang'ana mkazi wake.

Galimoto yofiira sinabwerenso ndi nyali. Koma mpaka lero, galimoto ya mtundu umenewo ikachepetsa liwiro pageti la a Cassim, makina osokera m'chipinda cha kuseri amaima, ndipo katani imasuntha pang'ono.